Chigoba Chimene Chinabuula ku Kapondo

Nkhaniyi ndakhala ndikuikana kwa nthawi yaitali. Munthu akandifunsa ngati n'zoona zimene zinachitika ku Kapondo, ndimayankha kuti anthu amakonda kuwonjezera. Lero ndaganiza zoulula ndekha, chifukwa mmene ikukambidwira masiku ano pa Kamwendo yafika poti ndinauluka. Sindinauluke ayi. Ndinafuna kutulukira pawindo, ndipo kutulukako sikunatheke.

Ndiyambe ndi ntchito. Ndaphunzitsa sayansi m'sukulu zapulayimale za kuno ku Mchinji kuyambira ndili ndi tsitsi mutu wonse. Ndiye bungwe lina loona za chilengedwe litabwera ndi ganizo loti ana aziphunzira za kuteteza nyanja zikuluzikulu za mchere, akuluakulu anati woyenera kutsogolera gulu lolemba maphunzirowo ndine. Anandipatsa aphunzitsi asanu, chipinda chochitiramo misonkhano, ndi udindo wa dzina lalitali lachingerezi limene mkazi wanga amalitchula pokhapokha akafuna kundiseka. Ntchito yathu inali yolemba buku la mphunzitsi ndi la ophunzira, kenako n'kukaliyesa pasukulu imodzi yakumudzi, ku Kapondo, tisanalitumize ku Lilongwe.

Mwina mwayamba kale kufunsa kuti nyanja ya mchere ikukhudzana bwanji ndi Mchinji, kumene ukayang'ana uku ndi Zambia, ukayang'ana uko ndi Mozambique, ndipo madzi ambiri amene mwana amawadziwa ndi apadambo. Funso limeneli ndinalikonzera yankho labwino moti ndinkalakalaka wina atandifunsa. Mtsinje wa Bua umayambira kwathu kuno. Jumbo imene mayi wataya pamsika, mvula ikagwa imalowa m'ngalande, ngalande n'kuipereka kwa Bua, Bua n'kuitula m'nyanja yathu, nyanjayo n'kuipatsira Shire, Shire n'kuikankhira mu Zambezi, mpaka kukafika kunyanja ya mchere kumene kamba wam'madzi amaimeza poyesa chakudya. Ndikamafotokoza zimenezi ndinkatambasula dzanja pang'onopang'ono kuloza kum'mawa, ngati munthu amene anaiperekeza jumboyo ulendo wonse.

(Chimene sindinauze aliyense n'choti nyanja ya mchereyo ine ndinali ndisanaionepo. Pamsonkhano woyamba mphunzitsi wina anandifunsa ngati mafunde ake amaopsa, ine n'kungopukusa mutu ndikuyang'ana kutali, n'kunena kuti adzaona yekha tsiku lina. Limenelo silinali bodza kwenikweni. Koma kuyambira tsikulo gulu lonse linkanditenga ngati munthu woyenda, ndipo ine sindinavutike n'kuwakonza.)

Titalemba mitu inayi ndinaona kuti sayansi yopanda chogwira m'manja imangofanana ndi ulaliki. Ndinapempha alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene amayendetsa thanki ya mafuta ya ku Beira, kuti akanditolereko zinthu zakunyanja. Anabwera nazo m'thumba la saka. Munali botolo la madzi am'nyanjamo, mchenga m'kachitini, chidutswa cha ukonde chomwe munakodwa mapulasitiki, kachilombo kouma ka miyendo isanu kooneka ngati nyenyezi, ndi nsagwada za shaki wamng'ono, nsomba yolusa yam'nyanjamo, mano ake ali mizeremizere. Pansi penipeni panali chigoba cha nkhono chachikulu ngati mutu wa khanda, kunja kwake kotuwa ndi kwa nyanganyanga, mkati mwake mofiirira ngati m'kamwa mwa munthu.

Pondipatsa chigobacho alamu anatsitsa mawu. Anati mkulu amene anawapatsa anawauza kuti chinali cha msodzi wina amene analowa m'nyanja ndi bwato lake osabwereranso, ndipo chinthu chotere sachigoneka m'nyumba. Atatero anaseka n'kupempha tiyi. Alamu angawa ndi munthu woti akakuuza kuti kunja kukugwa mvula uyenera kutuluka kukaona, choncho nanenso ndinaseka. Koma mkazi wanga, amene za msodziyo sanazimve n'komwe, atangonunkhiza thumbalo analamula kuti m'nyumba mwake silikhala. Ndinakaliika kuseri kwa bafa, pamene timasunga ndowa zakutha, ndipo chigobacho ndinachitulutsa kuti chipitidwe mphepo.

Chinakhala pamenepo milungu itatu, mvula yoyamba itayamba kugwa. M'mawa uliwonse posamba ndinkachiona kudzera pampata wa udzu. Kawiri konse ndinachipeza chitatembenuka, kukamwa kwake kutaloza kubafako pamene ine ndinachisiya chitaloza kumpanda. Ndinati ndi nkhuku. (Nkhuku zathu zinali zitatha ndi chitopa mwezi wathawo, koma ndinati mwina ndi za aneba.)

Tsiku lokayesa bukulo ndinavala shati yoyera ndi tayi, n'kulongedza zonse m'thumba muja, n'kukwera minibasi. Potsika pa Kamwendo kondakitala analikoka thumbalo mwaphuma, linakodwa pachitsulo cha mpando n'kung'ambika. Nsagwada za shaki zinagwera pakati pa msewu zitayasama. Kanyenyezi kaja kanagubuduka n'kukaima pafupi ndi mayi wogulitsa mandasi. Linali tsiku la msika, koma phokoso la mbali imeneyo linangozima ngati wina wathimitsa wailesi. Ndinawerama n'kuyamba kutola ndikumwetulira uku ndi uku, ndikufotokoza kuti ndi zipangizo zophunzitsira. Mkulu wina wagolosale, atavala kofia yake yoyera, anandipempha mwaulemu kwambiri kuti ndikamangire thumba langalo cha kutsogoloko, osati pakhomo pake.

Ndikumanga, mayi wina anandiyandikira n'kundifunsa monong'ona ngati madzi am'botolowo analidi akunyanja ya mchere. Anati aneneri ena amawagwiritsa ntchito pochotsa minyama, ndipo iye ankangofuna odzaza kachivindikiro. Ndinamuyankha mokweza, kuti onse amve, kuti amenewa ndi madzi wamba okhala ndi mchere basi. Anthu anangomva zoti ndakana kugawa.

Anyamata anjinga zamoto, omwe masiku onse amakulimbirana mpaka kukung'ambira malaya, tsikulo aliyense anali ndi vuto. Wina mafuta, wina tayala, wina anati akudikira munthu. Mmodzi anavomera pomaliza, koma anati thumbalo ndilinyamule pamiyendo panga ndipo lisamukhudze kumsana. Tinadutsa minda yongobzalidwa kumene, anthu ali weramu ndi makasu, ndipo ena ankaweramuka n'kutiyang'ana mpaka titapitirira. Apo m'pamene ndinayenera kukumbukira kuti foni imathamanga kuposa njinga yamoto.

Ananditsitsa patali ndi sukulu, n'kutembenuka osadikira kuti ndimuuze nthawi yodzanditenga. Inali cha m'ma teni koloko m'mawa, nthawi imene sukulu yapulayimale imamveka uli kutsidya kwa dambo. Kunali zii. Pabwalo panalibe mwana ngakhale mmodzi. Zitseko zamakalasi zinali zotsekula, pabolodi lina masamu atalekezedwa pakati, ndipo pafupi ndi chitsulo chimene amaimba ngati belu panali patapata mmodzi wa mwana. Kumwamba mitambo inali itada bii, mphepo osawomba, masamba amitengo ali duu. Ndinamva mapazi anga okha pamchenga.

Ahedi apasukulupo, Mayi Tembo, anatuluka muofesi atanyamula kalata imene ndinawalembera. Ndi mayi wamfupi, wosakonda mawu ambiri. Atandilonjera anandionetsa mzere wina umene anaudula ndi cholembera chofiira. Ndinali nditalemba ndi dzanja langa kuti ndidzabwera ndi zinthu zakunyanja zoti tidzaziyese pa ana a Sitandade 6. Iwo anawerenga kalatayo pamsonkhano wa makolo monga mmene inalili, ndipo panalibe vuto mpaka m'mawa umenewo, pamene uthenga unachokera pa Kamwendo woti munthu uja akubwera ndi thumba la mano, nsupa ndi madzi a mizimu. Makolo anabwera n'makasu awo kuchokera kuminda n'kutenga ana onse.

Ndinayamba kuseka, koma iwo sanaseke. Anandiuza kuti teremu yapitayo atsikana atatu anakomoka m'kalasi tsiku limodzi popanda wodziwa chifukwa, ndipo zinawatengera mwezi wathunthu akuyenda khomo ndi khomo kuti ana abwerere. Tsopano mayeso anali atatsala milungu iwiri.

"Bwana, inu madzulo ano mubwerera kwanu," anatero. "Ine ndikhala konkuno ndi makalasi opanda ana. Akomiti akukudikirani. Mukawauze zoona zokhazokha."

Akomiti ndi makolo ena, onse ngati khumi ndi asanu, anali m'chipinda chakale chakumapeto, chimene kale chinali tchalitchi. Mawindo ake ndi ang'onoang'ono, opanda magalasi, ndipo kudenga kunkanunkha mileme. Ndi mitambo ija, mkatimo munali mdima woti nkhope za akumbuyo sizinkaoneka bwino. Onse anakhala mbali yakuchitseko. Kutsogolo kwawo kunali atcheya akomiti, a Mbewe, bambo wamtali woonda, mkulu wampingo, Baibulo lawo lili m'jumbo pamiyendo. Anandiuza mofatsa kuti iwo sakundiimba mlandu uliwonse, akungofuna kuona ndi maso awo chimene ndikufuna kuyesa pa ana awo.

Munthu wanzeru akanapepesa chifukwa cha kalata ija n'kutsekula thumba. Ine ndinakonza tayi n'kuyamba ndi mawu otsogolera. Ndinawauza kuti dziko lathu likutsalira chifukwa cha mantha opanda pake. Ndinati munthu wophunzira saopa chinthu asanachifufuze, ndipo chilichonse pansi pano chili ndi chifukwa chake chimene sayansi imatha kufotokoza. Ndinanenanso kuti ine pa moyo wanga sindinathawepo chinthu chifukwa choti sindikuchimvetsa. (Chiganizo chimenechi ndimachikumbukira mawu ake onse, chifukwa anthu a ku Kapondo akhala akundithandiza kuchikumbukira.)

Chodabwitsa n'choti zinayamba kuyenda bwino. Ndinatulutsa ukonde n'kufotokoza za jumbo ndi Bua, abambo ena n'kumagwedeza mitu. Mchenga anaupatsirana m'manja n'kunena kuti ndi wosalala kuposa wakudambo. A Mbewe anakhudza dzino la shaki ndi chala n'kufunsa ngati nsomba yake imadyedwa. Mayi wina wolimba mtima anaviika chala m'madzi aja n'kulawa, n'kunena kuti akungofanana ndi ndiwo zophika mpongozi wake. Anthu anaseka pang'ono. Mayi Tembo, omwe anaima pafupi ndi bolodi, anaoneka kuti mtima wakhala pansi. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe.

Koma ndinali nditasunga chigoba kuti chikhale chotsekera. Ndinachitulutsa ndi manja awiri, ndipo kuseka kuja kunatha. Ndinaona kuti chikulemera kuposa mmene ndinkachidziwira, komanso chinali chozizira, koma ndinati ndi chinyezi cha mvula. Ndinawauza kuti munthu akachiika pakhutu amamva mkokomo wa mafunde, ndipo pofuna kukometsa ndinawonjezera kuti ndi mkokomo womwewo umene ndinkaumva ine nditaima m'mphepete mwa nyanja ku Beira. Bodza lenileni linatuluka pamenepo. Ndinachitambasulira kwa a Mbewe, iwo n'kupinda manja. Ndinachilozetsa kwa mayi wolawa madzi uja, iye n'kuyang'ana kudenga. Ndiye ndinati poti onse akuopa, ndiyamba ndine.

Ndinachiika pakhutu lakumanja ndikumwetulira. Poyamba ndinamvadi kaphokoso kaja kamene mabuku amanena, kofanana ndi mphepo yakutali. Kenako pansi pa kaphokosoko ndinamva china. Chinali kupuma. Chinthu chinkakoka mpweya n'kuutulutsa, pang'onopang'ono, pafupi penipeni ndi khutu langa. Ndinasiya kupuma ineyo kuti ndione ngati ndikudzimva ndekha, koma kupumako kunapitirira. Ndiye munamveka kubuula, kwapansipansi, kwa munthu wotopa amene wakhala nthawi yaitali pamalo othina.

Nkhope yanga inali ikumwetulirabe chifukwa inaiwala kusiya. Ndisanachichotse, madzi ozizira anatuluka m'chigobamo, kulowa m'khutu, kutsika m'khosi mpaka m'kolala ya shati. Sanali madontho awiri ayi, anali madzi oti aliyense anawaona akuyenderera.

Ndinachiika patebulo mosamala ngati dzira. A Mbewe anayang'ana kolala yanga nthawi yaitali.

"Aphunzitsi, mwati chimenechi chinachoka liti kunyanja?"

Ndinati papita mwezi ndi kanthu.

"Nanga madziwo akuchokera kuti?"

Ndinatsekula pakamwa kuti sayansi iyankhe, koma sayansi inali itatuluka kale m'chipindamo. M'mutu mwanga munangotsala alamu akutsitsa mawu, ndi msodzi amene sanabwerere, ndi nkhuku zathu zomwe zinafa kale. Kudenga lamalata kunagwa dontho limodzi la mvula, kenako lina, motalikirana. Ndiye chigobacho chinagwedezeka. Palibe anakhudza tebulo, ine ndinali nditabwerera m'mbuyo mapazi awiri. Chinapendekera uku, n'kupendekera uko, gwede, gwede, n'kutembenuka pang'ono mpaka kukamwa kwake kofiira kuja kutaloza kwa ine. Chinabuulanso, ulendo uno mokweza moti mayi wina kumbuyo anayamba kuitana dzina la Yesu chapansipansi.

Zimene ndinachita kenako ndinazimva kwa ena, ngakhale pakamwa panali panga. Akuti ndinagwada pang'ono, n'kuomba m'manja mwaulemu, n'kuyankhula ndi chigobacho.

"Pepani akuluakulu, si ine ndinakutengani. Ndi alamu. Ine kunyanjako sindinafikeko n'komwe, olo tsiku limodzi."

Chitseko chinali chitadzaza ndi makolo amene ankatuluka mopanikizana koma mwakachetechete, ngati anthu oopa kudzutsa wodwala. Ine ndinaona windo. Ndinakwera padesiki, n'kulowetsa mutu, mapewa n'kudutsa. Amene anamanga tchalitchi chimenecho anamangira Akhristu oonda. Mimba yanga, imene yakula ndi nkhomaliro za m'misonkhano yolemba mabuku, inafika pamenepo n'kukana. Ndinayesa kubwerera, lamba n'kukodwa panjerwa. Desiki ija inagwa. Ndinatsala lende, mutu ndi tayi zili panja pamvula, miyendo ili m'kati mwa chipinda chimene munali chinthucho.

Abale anga, pa zonse za tsikulo nthawi imeneyi ndi imene imandibwererabe. Kutsogolo kwanga kunali munda wa chimanga chongomera kumene ndi mvula ikugwa mowongoka. Kumbuyo sindinkaona kalikonse, ndinkangomva. Ndinamva mapazi omaliza akutuluka. Ndinamva mawu a a Mbewe akupemphera motsitsa, osathamanga, ngati munthu amene akukambirana ndi mnzake nkhani yovuta. Ndinamva chivindikiro cha botolo chikutsekulidwa, madzi n'kukhuthulidwa. Pemphero linaima. Kenako china chake chofewa ndi chonyowa chinagwa pasimenti, phwa. Patapita kanthawi, phwa, chapafupi. Phwa, pansi penipeni pa mapazi anga.

Nsapato imodzi inali itavuka kale pamene ndinkalimbana ndi windo. Chinthu chozizira chinakhudza chala changa chakuphazi pamene sokosi inabooka. Sindibisa, ndinalira. Ndinaponya miyendo uku ndi uku ndikuitana mayi anga, amene anatisiya kalekale, ndipo ndinalonjeza Mulungu zinthu zingapo zimene mpaka lero sindinakwaniritse.

Mawu amene anandiyankha anali a Mayi Tembo, ali phee ngati akuitana mayina m'kalasi.

"Bwana, ndi chule."

Ndinati chiyani?

"Chule. Lekani kuponya miyendo, mumupweteka."

Zinatengera abambo awiri kundikoka miyendo ndi wina kundikankha mapewa ali panja kuti ndibwerere m'chipindamo. Mabatani atatu a shati anatsalira pawindopo. Nditaima n'kutembenuka ndinamuona ali pakona, chule wamkulu wa khungu lodzaza njerewere, wa mtundu uja umakhala kuseri kwa mabafa, akuphethira ngati munthu amene wadzutsidwa pakati pa tulo. A Mbewe anali atathira madzi amchere aja m'chigobamo pofuna kuchotsa choipa chilichonse chimene chinalimo, ndipo choipacho, posakonda mchere, chinatuluka. Za madzi amene ananditsikira m'khosi sindinafunse. Aliyense amene anagwirapo chule ali mwana akudziwa chimene chule amachita akaopsedwa.

Makolo anabwerera mmodzimmodzi, atanyowa. Ena ataona chuleyo anaseka mpaka kukhala pansi. Ena sanaseke. Mayi wina anati chule wotuluka m'chigoba chakunyanja pa nthawi ya pemphero ndiye umboni weniweni, ndipo anthu angapo anavomereza. Ndinaona nkhope ya Mayi Tembo ikugwanso. Zinthu zikanatha kupita mbali iliyonse, ndipo ine ndinalibenso mawu oti munthu angawamvere.

A Mbewe anandifunsa kumene ndinkasunga chigobacho. Ndinati kuseri kwa bafa, pansi, milungu itatu. Anagwedeza mutu n'kunena kuti iwonso sabata yomweyo anapeza chule m'jombo yawo yakumunda. Kenako anatembenukira kwa anthu. Anati iwo akula akumva za anthu oyenda ndi zitsamba zoipa, ndipo ena anawaonapo, koma sanaonepo mwini mankhwala akupepesa mankhwala ake omwe, n'kuulula bodza lake popanda womufunsa, n'kuthawa kusiya nsapato.

"Bambo awa alibe chilichonse," anatero. "Ndi mphunzitsi chabe. Ana abwere mawa."

Ndaganizirapo kambirimbiri za chigamulo chimenechi. Mawu anga onse otsogolera aja, jumbo, Bua ndi Zambezi, palibe chimene chinatsimikizira anthuwo kuti ndine wosalakwa. Chimene chinawatsimikizira ndi miyendo yanga ikupalasa m'malere. Ngakhale mayi wokayika uja anavomera kuti munthu wokhwima sangalire choncho.

Anaika mfundo ziwiri. Yoyamba, chigobacho chitsukidwe ndipo achigwire ndi ahedi, osati ine. Yachiwiri, ndikaime pamaso pa ana ndi kuwauza ndekha kuti nyanja ya mchere sindinaionepo, chifukwa a Mbewe anati safuna ana awo aphunzire za madzi kwa munthu amene akunama kuti anawaona. Ndinagona kwa aphunzitsi ena apasukulupo, nditabwereka shati yothina. M'mawa mwake ana anabwera pafupifupi onse, ena amene anali atajomba teremu yonse anabweranso, pofuna kuona bambo wapawindo.

Ndinaima kutsogolo kwa Sitandade 6 n'kunena zimene anandituma. Ndinkayembekezera kuti aseka. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga ndikudziwa bwanji kuti nyanjayo iliko. Linali funso labwino kuposa onse amene tinalemba m'buku lathu, ndipo ndinachita chibwibwi poyankha. Mayi Tembo anatenga choko n'kupitiriza phunzirolo. Analiphunzitsa bwino kuposa mmene ndikanachitira, mopanda kutambasula dzanja kuloza kum'mawa. Pomaliza anatenga kalasi yonse kupita kukamtsinje kakuseri kwa sukulu, ana n'kutola majumbo ndi mabotolo odzaza matumba awiri. Ine ntchito yanga inali yogwira thumba.

Gulu langa la aphunzitsi asanu linali litamva zonse ndisanafike. Palibe ananena kanthu pamsonkhano wotsatira, kupatula kuti nditalowa, mmodzi anadzuka mwaulemu n'kukatseka mawindo. Chigobacho chinatsalira ku Kapondo. Mayi Tembo amatsamiritsira chitseko cha ofesi yawo kuti chisamenyeke ndi mphepo, ndipo ndikapitako kukayendera maphunziro ndimachilambalala patali ndithu. Ndikudziwa kuti anali chule. Ndinamuona ndi maso angawa. Koma khutu lakumanjali silinamve nawo kufotokozako, ndipo mpaka pano foni ndimayankhira kumanzere.

Bukulo tinalimaliza n'kulitumiza. Pa mutu wa zamoyo zam'nyanja, pamene pali ntchito yomvetsera chigoba, ndinawonjezera chiganizo chimodzi m'buku la mphunzitsi, choti mphunzitsi ayambe wayang'ana mkati mwa chigobacho ndi kuchigogoda pansi phunziro lisanayambe, ndipo achite zimenezi panja, pamalo opanda anthu. Patapita milungu ingapo mayi wina woona zolembedwa ku Lilongwe anandiimbira kufunsa chifukwa chake. Ndinati n'chifukwa cha fumbi. Iye anati chiganizocho n'chosafunika kwenikweni ndipo akufuna achichotse kuti tsamba likwane. Ndinamuuza kuti achotse china chilichonse, kaya Zambezi yense, koma chimenecho achisiye. M'buku lonse lija, ndi chiganizo chokhacho chimene ndinachifufuza ndekha.